Ofiira ake ati? Kukonza madizaini amene ena sakutha kuwawerenga

Msungichuma wa banki mkhonde ina ya ku Ndirande anafika pa shopu yanga ku Limbe Lolemba m'mawa, ndisanayatse n'komwe kompyuta. Ndi bambo wachikulire, wopuma pa ntchito, wa aja amavala jekete ngakhale dzuwa la mu Okutobala likuswa mtengo. Anaika pepala pa tebulo.

"Achimwene, mwandichititsa manyazi dzulo."

Pepalalo ndinalikonza ndine. Panali mayina a mamembala onse ndi ndalama zimene aliyense anatenga, ndipo monga timachitira tonse a Excel, amene anamaliza kubweza ndinawapaka chobiriwira, amene akadali ndi ngongole ndinawapaka chofiira. Powapatsa ndinangoti, ofiirawo ndiwo angongole. Iwo anagwedeza mutu n'kumapita. Lamlungu anaimirira pamaso pa gulu n'kuyamba kuitana mayina, akutsata mizere imene kwa iwo inkaoneka yakudako pang'ono. Dzina lachitatu linali la mayi amene anabweza zonse mwezi wathawo. Mayiyo analira, mwamuna wake n'kuyamba kufunsa kuti ndiye ndalamazo zadyedwa ndi ndani.

"Koma bambo, si izi apa? Ofiirawa."

Anasendeza pepalalo kufupi ndi maso, analitalikitsa, anatuluka nalo pakhomo pomwe pali dzuwa.

"Ofiira ake ati?"

Kuchokera tsikulo vuto lomweli, la maso osasiyanitsa mitundu ina monga chofiira ndi chobiriwira, ndakumana nalo m'maonekedwe osiyanasiyana: pa positala, pa galafu ya lipoti, pa mapu, pa chikwangwani cha mitengo ya katundu. Kasitomala sabwera n'kunena kuti sasiyanitsa mitundu. Ambiri sadziwa, chifukwa anabadwa choncho ndipo amaganiza kuti tonse timaona ngati iwo. Ena amadziwa koma anatopa n'kusekedwa. Iwo amangoti "sizikuoneka bwino" kapena "pulinta yanu yatha inki".

Yambani ndi pulinta

Nthawi zina akunena zoona. Inki ya magenta, yofiirira ija, ikatha kapena mutu wa pulinta ukatsekeka, chofiira chimatuluka chachikasu kapena chotuwa, ndipo aliyense angasokonezeke. Sindikizani tsamba loyesera mitundu, mupatse anthu awiri kapena atatu pepala lomwelo. Onse akamadandaula, itanani mekaniki wa pulinta. Koma ngati inu ndi mnyamata wa fotokope mukusiyanitsa bwinobwino, mmodzi yekha n'kumavutika pa pepala ndi pa foni pomwe, siyani kulimbana ndi makina. Vuto lili pa dizaini yanu.

Chimene chikuchitika m'disomo

Kuseri kwa diso kuli timaselo ta magulu atatu timene timamva kuwala. Gulu lina limamva kwambiri mbali ya chofiira, lina mbali ya chobiriwira, lina mbali ya buluu, ndipo ubongo umafananitsa zimene magulu atatuwa anena n'kutuluka ndi mtundu. Gulu limodzi likasowa kapena likamamva molakwika, mitundu ina imene kwa inu ili patali kwa mnzanuyo imagundana. Madokotala amati deutan vuto likakhala pa gulu la chobiriwira, ndipo ili ndilo lofala koposa. Amati protan likakhala pa gulu la chofiira. Lachitatu, tritan, limasokoneza buluu ndi chobiriwira, chikasu ndi pinki, koma ndi losowa. Munthu woona dziko lonse mwa koda ndi koyera ngati TV yakale ndi wosowa kwambiri kuposa onsewa, n'chifukwa chake mawu oti "khungu" sindiwakonda pa nkhaniyi. Msungichuma uja amawerenga nyuzipepala popanda magalasi.

Pakati pa anthu amene makolo awo ndi a kumpoto kwa Ulaya, mwamuna mmodzi mwa 12 alionse ndi mkazi mmodzi mwa 200 ali ndi vuto la chofiira ndi chobiriwira. Kuno ku Africa chiwerengerocho n'chotsikirapo, koma m'tchalitchi chodzaza kapena pa msonkhano wa makolo ku sukulu simungasowe munthu wotere. Amuna amachuluka chifukwa chibadwachi chimayenda pa kromozomu ya X, kanthu ka m'maselo konyamula zotengera kwa makolo, imene mwamuna amakhala nayo imodzi yokha, yochokera kwa mayi ake. Bambo sangapatsire mwana wake wamwamuna. Amapatsira ana ake aakazi, iwo osaonetsa chizindikiro, kenaka chikatulukira mwa adzukulu. Kunena kwathu kuno, chimatsata kuchikazi: mnyamata akamavutika kusankha tomato wakupsa pa msika, funsani za amalume ake kapena za agogo aamuna obereka mayi ake.

Nkhaniyi si yatsopano. John Dalton, katswiri wa sayansi wa ku England, anafotokoza za maso ake omwe mu 1794, ndipo m'zilankhulo zina vutoli limatchedwa ndi dzina lake mpaka lero. Timapepala ta madontho timene amayezera anthu ku chipatala cha maso, tija mumabisika nambala mkati, anatitulutsa ndi dokotala wa ku Japan, Shinobu Ishihara, mu 1917.

"Mayina ndikuwaona, koma walipira ndani?"

Vuto ili ndilo linandigwetsa ine, ndipo ndi limene mudzakumane nalo kawirikawiri, chifukwa Excel payokha imakupatsani chofiira chotumbuluka ndi chobiriwira chotumbuluka mukangodina Conditional Formatting. Mitundu iwiriyi ili ndi mavuto awiri nthawi imodzi. Loyamba ndi la diso lija. Lachiwiri n'lakuti kuwala kwake n'kofanana. Chofiira chenicheni cha pa kompyuta, chimene kodi yake ndi FF0000, ndi chobiriwira cha kodi ya 008000 zimasiyana kuwala pafupifupi 1.3 kwa 1 basi, kutanthauza kuti mtunduwo ukangochoka palibenso chogwirira. N'chifukwa chakenso pepala lotere likadutsa mu fotokope limasanduka phulusa lokhalokha kwa aliyense, wa maso abwino ndi wovutika yemwe.

Mankhwala ake ndi otchipa moti amachititsa manyazi. Onjezani danga limodzi kumapeto kwa mzere mulembemo mawu: WAMALIZA kapena ATSALA NAYO. Mawu a angongolewo akhale onenepa. Mukafuna kukongoletsa, pakani mtundu pamwamba pa mawuwo, koma mawuwo akhalepo. Mungathenso kugawa mayinawo pawiri, angongole pamwamba pansi pa mutu wawo, omaliza m'munsi. Ndikanachita chimodzi mwa ziwirizi, mayi uja sakanalira.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mtundu nawo sufunika kusenza uthenga wokha. Zinthu zimene zinakonzedwa mwanzeru zimatsata lamuloli ngakhale sitiliganizira. Maloboti a pa Chipembere Highway dalaivala wosasiyanitsa mitundu amawawerenga ndi malo: chapamwamba ima, chapansi pita. Ndalama ya K200 sitiidziwa ndi mtundu wokha. Pali nambala yaikulu, pali nkhope ya Rose Chibambo. Tepi imene alangizi a zaumoyo amayezera mkono wa mwana ili ndi chofiira, chikasu ndi chobiriwira, koma ilinso ndi manambala, ndipo aliyense wophunzitsidwa amadziwa kuti kutsika pa masentimita 11.5 ndi poopsa, 12.5 kupita m'mwamba ndi pabwino. Ngakhale waya wa ethi mu pulagi anamupatsa mizeremizere yobiriwira ndi yachikasu kuti munthu asamusokoneze ndi wa moto. Wokonza waya anaganizira msungichuma wanga. Ine amene ndinamwa naye tiyi sindinamuganizire.

Positala ya manambala olipirira

Ili ndi la kwathu kuno kwenikweni. Airtel timaidziwa ndi chofiira, TNM ndi chobiriwira, ndiye pokonza positala ya ukwati, ya chopereka cha tchalitchi kapena ya fizi, dzanja limangothamangira kulemba nambala ina mofiira ina mobiriwira, n'kuganiza kuti zamveka. Lembani dzina patsogolo pa nambala iliyonse: Airtel Money, kenaka nambala, Mpamba, kenaka nambala. Pa makodi a ejenti ndi a mabizinesi ndiye musayerekeze n'komwe kusiya dzina, chifukwa nambala ya foni munthu angaizindikire ndi 09 kapena 08 koyambirira, koma kodi ilibe chomuuza.

Galafu imene mizere yake yalukana

Mabungwe ambiri a mu Blantyre amakonda lipoti la magalafu, ndipo apa ndi pamene ndimataya nthawi yambiri. Chizindikiro chake n'chakuti munthu amaloza kabokosi kofotokoza mitundu kali pambali kaja, n'kuloza mzere, n'kubwereranso ku kabokosi, chala chikungoyendayenda. Timabokosi timeneti ndi tating'ono, ndipo mtundu ukachepa malo umavuta kwambiri kuuzindikira kusiyana ndi utapakidwa pa malo aakulu.

Chotsani kabokosiko. Lembani dzina la mzere uliwonse kumapeto kwa mzere womwewo: Ndirande apa, Bangwe apa, Zingwangwa apa. Mzere wina ukhale wathunthu, wina wodukaduka, wina wa madontho. Wina ukhale ndi timabwalo, wina timabokosi. Pa galafu ya mipiringidzo, Excel ili ndi Pattern fill pansi pa Format Data Series, imene imakupatsani mizere yopingasa ndi madontho m'malo mwa mtundu wokha. Musapitirire nazo; mipiringidzo isanu ndi umodzi iliyonse ndi maluwa ake imaoneka ngati mwayanika zitenje pa chingwe. Pa galafu yozungulira ija yodulidwa ngati keke, siyani kamzere koyera pakati pa zidutswa, ndipo dzina ndi nambala zikhale pa chidutswa chomwecho. Ngati zidutswa zapitirira zisanu, ine ndimangoisintha kukhala ya mipiringidzo, kasitomala afune asafune.

Funso limene limatsala n'lakuti ndiye tipake chiyani. Buluu ndi olenji ndi awiri odalirika kwambiri, chifukwa wa deutan ndi wa protan onse amawasiyanitsa. Chofiira ndi buluu nazonso zimayenda. Pa Kamuzu Stadium, Bullets ikavala zofiira Wanderers ikavala za buluu, wovutika maso uja amatsatira mpira bwinobwino. Zomuvuta ndi chofiira ndi chobiriwira, chobiriwira ndi bulauni, buluu ndi pepo, pinki ndi chotuwa, chobiriwira chowala ndi chikasu. Pepo amamuona ngati buluu chifukwa kachofiira kali mkatimo kamamuthawa.

Akatswiri awiri a ku Japan, Masataka Okabe ndi Kei Ito, anasankha mitundu isanu ndi itatu imene imasiyanitsika kwa anthu ambiri, ndipo ine ndinaimata pa khoma pamwamba pa kompyuta. Imene ndimagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi buluu wa 0072B2, olenji wa E69F00, buluu wa mtambo wa 56B4E9, chobiriwira chopendekera ku buluu cha 009E73, ndi chofiira chopendekera ku olenji cha D55E00. Taonani ziwiri zomalizazo. Kasitomala akaumirira chofiira ndi chobiriwira, zimenezo ndi zimene ndimamupatsa: iye amaona chofiira ndi chobiriwira chake, mnzathu uja amaona zinthu ziwiri zosiyana.

Pa mapu nkhani imakula. Amene munali m'magulu a WhatsApp nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 mukukumbukira mmene machenjezo ankayendera pa foni. Pa nthawi ngati imeneyo munthu wa ku Chilobwe kapena m'mphepete mwa Soche alibe mpata wofunsa mnzake kuti dera lathu alipaka chiyani. Mapu oonetsa kukula kwa ngozi, kaya ndi madzi osefukira kaya ndi kolera, asayende kuchoka pa chobiriwira kudutsa chikasu kukafika pa chofiira, chifukwa malo abwino kwambiri ndi malo oopsa kwambiri ndi amene adzafanane. Tengani mtundu umodzi, uyambe motumbuluka uzinka ukuda pamene ngozi ikukula. Mitundu ya utawaleza isiyeni. Amene mumagwiritsa QGIS kapena Python muli kale ndi viridis, imene imachoka pa pepo wakuda kukafika pa chikasu chowala, ndipo pa tsamba la pa intaneti la ColorBrewer la Cynthia Brewer pali pongodina kuti ikuonetseni mitundu yokhayo yotetezeka. Dzina la dera lilembedwe pa mapupo.

Mawu ofiira pa chakuda

Mapositala a madansi ndi a misonkhano ya chitsitsimutso amakonda zimenezi: kumbuyo bii, tsiku ndi malo zofiira psuu. Kwa wa protan chofiira chimazima, chimaoneka chakuda kuposa mmene inu mukuchionera, ndiye tsikulo limamira mu mdimawo. Mukafuna kumvetsa, ganizani za mbendera yathu. Dzuwa lofiira lija lili pa mzere wakuda, ndipo kwa munthu wotere silitumphira m'maso monga limachitira kwa inu. Mbendera sitingaisinthe pa shopu, koma positala tingathe. Tsiku, nthawi, malo ndi mtengo wolowera zikhale zoyera kapena zachikasu pa chakuda, chofiira chitsalire pa zokongoletsa.

Pali muyezo wake. Malamulo a WCAG, amene bungwe la W3C linakonzera masamba a pa intaneti, amati mawu wamba asiyane kuwala ndi kumbuyo kwake ndi 4.5 kwa 1 kapena kuposa, mawu akuluakulu 3 kwa 1. Akuluakulu akutanthauza saizi 18, kapena 14 yonenepa. Ine ndimautsata ngakhale pa pepala. Chofiira cha FF0000 pa choyera chimafika 4 kwa 1, ndiye pa mawu ang'onoang'ono chalephera. Chikasu pa choyera sichifika n'komwe 1.1 kwa 1. Koma muyezowu musaukhulupirire ndi mtima wonse: chofiira chomwecho pa chakuda chimapitirira 5 kwa 1, makina owerengera amati chakhoza, pamene wa protan akutsinzinira maso kuti awerenge.

Zomwezi zimachitika m'kalasi ndi m'mawekishopu. Choko chofiira pa bolodi, cholembera chofiira ndi chobiriwira pa pepala limodzi la pa khoma, kadontho kofiira kolozera pa pulojekita. Pulojekita payokha imasukulutsa mitundu, makamaka m'holo ya makatani opyapyala masana, ndiye chimene chinali chovuta pa laputopu pa khoma chimatheratu.

Kuyesa musanasindikize

Njira yachidule imene aliyense ali nayo ndi fotokope. Sindikizani kope imodzi yakuda ndi yoyera. Uthenga ukapulumuka pamenepo, mwapambana mbali yaikulu, ndipo mwathandizanso onse amene adzalandire pepalalo litachulukitsidwa pa fotokope, amene kunena zoona ndiwo ambiri. Dziwani chabe kuti kuyesa kumeneku n'kokhwima mosiyana: fotokope ikhoza kufananitsa buluu ndi olenji amene wovutika maso akanawasiyanitsa, ndipo siikuuzani za kuzima kwa chofiira kuja.

Kuti muone pafupifupi mmene iye amaonera, pa kompyuta ikani pulogalamu ya Color Oracle. Ndi yaulere, ndi yaing'ono, ndipo imasintha sikirini yonse nthawi imodzi. Mu Photoshop pitani pa View, Proof Setup, Color Blindness. Mu Chrome muli Emulate vision deficiencies pansi pa Rendering mu zida za okonza masamba. Pa foni ya Android, dinani Build number kasanu ndi kawiri kuti Developer options itseguke, mupeze Simulate color space, musankhe Deuteranomaly, kenaka Protanomaly, n'kutsegula chithunzi chanu. Mukamaliza bwezeretsani, musadzapite nayo kwa okonza mafoni.

Pali msampha umodzi umene ndinagweramo kwa miyezi. Color filters ya mu Windows, ija imayaka ndi Windows, Ctrl ndi C mukailola, ili ndi mayina omwewa a deuteranopia ndi protanopia, ndiye ndinkaganiza kuti ikundionetsa maso a msungichuma. Ayi ndithu. Imeneyo ndi yothandiza wovutikayo, imatalikitsa mitundu kuti iye asiyanitse. Mukayesera pamenepo dizaini iliyonse imaoneka yabwino. Chimodzimodzi Color correction ya pa Android. Pa Windows chokuthandizani inu wokonza ndi Grayscale yokha; zinazo muwayatsire makasitomala amene akuzifuna pa makina awo.

Kuposa zonsezi ndi munthu weniweni. Msungichuma uja tsopano ndimamutumizira chithunzi pa WhatsApp ndikakayikira, ndipo ndinaphunzira kafunsidwe. Ndikafunsa kuti "bambo, iyi ndi kala yanji?" ndiye kuti ndikumulembetsa mayeso, ndipo moyo wake wonse anthu akhala akumufunsa zimenezo kuti aseke. Komanso Chichewa chathu pa mitundu n'chotakasuka. Agogo ambiri thambo ndi udzu amaziti zonse n'zobiriwira, maso ali bwinobwino. Ndiye ndimafunsa za ntchito: "Pa galafuyi, dera limene latsogola ndi liti? Msonkhano uli tsiku lanji?" Akayankha msanga, ndimasindikiza. Akati "dikirani kaye", ndimabwerera pa kompyuta.

Kasitomala akakana

"Imeneyi ndi mitundu ya bungwe lathu, musaisinthe." Musakangane naye. Chizindikiro cha bungwe chisiyeni mmene chilili. Chimene mukusintha ndi kuwala: chobiriwira chikhale chotumbuluka kwambiri, chofiira chikhale chakuda kwambiri, kapena mosemphanitsa, kuti ngakhale mtundu utachoka china chikhale chowala china chakuda. Ikani mpata woyera pakati pawo, ndipo mawu ofiira asakhale pamwamba pa chobiriwira. Akapitirizabe kukana, ndimatembenuza sikirini, n'kuyatsa Color Oracle, n'kumufunsa kuti andiwerengere nambala ya akaunti imene ili pa bana yakeyo. Kawirikawiri amakhala kaye chete, kenaka amafunsa ngati kusinthako kuli ndi mtengo wapadera. Ndimati ayi, bola tisanasindikize, chifukwa bana ya mamita atatu ikatuluka inkiyo sibwerera mu botolo.

Pamene nkhani si ya dizaini

Wobadwa nalo vutoli amakhala nalo chimodzimodzi moyo wonse, maso onse awiri, ndipo palibe mankhwala ochiritsa. Magalasi apadera amene mumawaona pa intaneti ena amawathandiza kusiyanitsa mitundu ingapo, koma sabwezeretsa timaselo tosowato. Koma munthu akakuuzani kuti chaka chatha ankasiyanitsa bwinobwino, kapena kuti diso limodzi likuona chofiira chosuluka kuposa linzake, imeneyo ndi nkhani ina. Matenda a shuga, glaucoma (matenda oononga mtsempha wa diso) ndi ng'ala zimatha kusintha kaonedwe ka mitundu. Ethambutol, mmodzi mwa mankhwala a TB, nthawi zina amakhudza mtsempha wa diso, ndipo kusokoneza chofiira ndi chobiriwira kumatha kukhala chizindikiro choyamba. Wotereyo akanene msanga kumene amalandira mankhwalawo, asadikire tsiku la sikelo. Pa zina zonse, chipatala cha maso cha Lions Sight First chili pa Queens pomwepa. Mukonzereni pepala lakelo, koma musamulole kuchoka pa shopu musanamuuze kuti apite akayezetse sabata yomweyo.